Mbiri ya Kuwerenga ndi Nambala Zikuluzikulu m'Boma la Ntcheu

Kalembera wa anthu ndi nyumba amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu Seputembala 2018 anapeza kuti m'boma la Ntcheu munali anthu 659,608, kutanthauza kuti mwa Amalawi 27 alionse, pafupifupi mmodzi anali kukhala m'bomali, poti dziko lonse linali ndi anthu 17,563,749. Nambala yotere, imene akatswiri a masamu amaitcha nambala yathunthu chifukwa ilibe chibenthu kapena theka, ikuoneka ngati chinthu wamba lero, koma zaka 130 zapitazo panalibe munthu m'dera lonse la pakati pa mapiri a Kirk Range ndi chigwa cha Bwanje amene akanaifuna pa ntchito iliyonse. Izi sizikutanthauza kuti anthu a nthawi imeneyo sankadziwa masamu. Masamu awo anali ogawa zinthu molungama pakati pa anthu odziwana, pamene nambala zikuluzikulu zinafika ndi olamulira ofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu amene sankawadziwa maina, ndipo kusiyana kwa masamu awiriwa ndi kumene kwatsogolera mbiri yonse ya kuwerenga m'bomali.

Kawerengedwe ka Chichewa kanamangidwa pa dzanja. Mawu enieni a nambala amalekera pa zisanu, ndipo kuchokera pamenepo munthu amayamba kuphatikiza, kunena kuti zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka kufika pa khumi, pamene zala za manja onse awiri zatha. Kupitirira apo pali makumi, kenaka zana, kenaka chikwi. Dongosolo limeneli, limene limayenda ndi maziko awiri, a zisanu ndi a khumi, limafuna khutu lotchera bwino, chifukwa kusiyana kwa nambala ziwiri zotalikirana kumatha kugona pa kachilembo kamodzi kogwirizanitsa mawu. Munthu akanena kuti mbuzi makumi asanu ndi limodzi ndiye kuti mbuzizo ndi 60, popeza limodzilo ndi khumi, koma akanena kuti makumi asanu ndi imodzi ndiye kuti ndi 51, popeza imodziyo ndi mbuzi. Pofuna kupewa chisokonezo chotere, olankhula mosamala ankagwiritsa ntchito mawu akuti mphambu kapena kudza polekanitsa magulu athunthu ndi zotsalira, ndipo mawu akuti mphambu ali ndi phindu lalikulu pa masamu, chifukwa akusonyeza kuti Achewa ankaiona nambala ngati milu yofanana ndi kanthu kotsala pambali, amene ali maganizo omwewo amene mwana wasukulu amaphunzira pa samu yogawa.

Angoni a Maseko, amene anakhazikika m'dera la phiri la Domwe ndi malo ozungulira m'zaka za m'ma 1870 atayenda ulendo wautali wochokera kumwera kwa Africa kudzera ku Songea, anabwera ndi chinenero cha gulu limodzi ndi Chizulu ndi Chiswati, ndipo m'zinenero zimenezi nambala zoposa zisanu zimatchulidwa potsata zala za dzanja lachiwiri. M'Chizulu, mwachitsanzo, dzina la 6 ndi la chala chachikulu, la 7 ndi la chala cholozera, pamene 8 ndi 9 zimatchulidwa ponena zala zimene zatsala kuti khumi likwane, kotero kuti pamene Mchewa ankaphatikiza pa zisanu, wolankhula Chizulu ankachotsera pa khumi. Popeza Angoni anakwatirana kwambiri ndi anthu amene anawapeza ndiponso amene anawagwira pankhondo, chinenero chawo chinazilala msanga m'dziko la mfumu yawo Gomani, chinatsala m'nyimbo za ngoma, m'mayamiko a mafumu ndi m'maina a mafuko, ndipo kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku kanakhala ka Chichewa. Margaret Read, amene anachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 nasindikiza buku lake The Ngoni of Nyasaland mu 1956, anafika nthawi imene kusinthaku kunali kutapita kale patali.

Chofunika kuzindikira ndi chakuti moyo wa m'mudzi sunkafuna nambala yaikulu ngakhale pa zinthu zochuluka. Mwini khola ankadziwa ng'ombe zake potengera maonekedwe, mawanga ndi mayi wa iliyonse, ndipo madzulo zikamalowa ankazindikira imene yasowa asanawerenge. Chimanga chinkayesedwa ndi madengu ndi nkhokwe, masiku a ulendo ankasungidwa pomanga mfundo pa chingwe kapena kutema zizindikiro pa ndodo, ndipo gulu la ankhondo linkadziwika ndi dzina lake ndi mtsogoleri wake. Masamu enieni ankaoneka pogawa: nyama ya pamaliro, mowa wa padima, malo a dimba pakati pa ana a mayi mmodzi. Pamenepo funso linali lakuti zinthuzi zigawika mofanana kapena patsala kanthu, ndipo chotsalacho chipita kwa yani. Masewera a bawo, amene amaseweredwa pa thabwa la mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, maenje onse 32 ndi njere 64, amaphunzitsa luso lomwelo, chifukwa katswiri amawerengeratu mumtima dzenje limene njere yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe njerezo, ndipo zimenezi ndi masamu a zotsalira ngakhale wosewerayo sawatchula dzina. Msika wa Lizulu ukadali umboni wa mwambo umenewu, poti mbatatesi imagulitsidwa pa ndowa ndi pa thumba, tomato pa milu, ndipo mkangano wa wogula ndi wogulitsa umakhala pa kadzazidwe ka ndowayo osati pa chiwerengero cha mbatatesi zimene zili m'katimo.

Nambala yolembedwa inalowa m'dzikoli ndi mfuti. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linaika malire pamsana pa mapiri ogawa madzi, nkudula ufumu wa Maseko pakati, mbali ina kukhala ya Angonia ku Mozambique ndipo ina ya Angelezi, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire mwenimweni. Boma la atsamunda la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba wa mashilingi atatu, ndipo Inkosi Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, amene sanafune kuti anthu ake azikhomera mlendo msonkho kapena kukagwira ntchito m'minda ya Azungu, anagwidwa ndi kuphedwa mu Okutobala 1896. Kuchokera pamenepo nyumba iliyonse inasanduka mzere m'kaundula. Mu 1902 msonkho unakwera kufika pa mashilingi asanu ndi imodzi, koma munthu amene wagwirira Mzungu ntchito mwezi wathunthu ankalipira theka, zimene zikusonyeza poyera kuti cholinga cha kaundulayo sichinali ndalama zokha komanso manja a antchito. Lamulo la 1912 linapatsa mafumu udindo wothandiza kutolera msonkho, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 mafumu omwewo ndi amene ankalamulidwa kupereka amuna okasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya tengatenga, kumene ambiri anafera. Sizodabwitsa kuti kwa mibadwo ingapo munthu wobwera m'mudzi ndi buku ndi pensulo ankalandiridwa mokayika, ndipo amuna ena ankathawira kuphiri kapena kutsidya kwa malire kufikira atachoka.

Komabe ndalama za atsamunda zinali ndi khalidwe lina limene linagwirizana bwino ndi masamu ogawa a m'mudzi, ndipo apa ndi pamene makhalidwe a nambala anakhudza moyo wa anthu mwachindunji. Paundi inali mashilingi 20, shilingi inali makobiri 12, motero paundi imodzi inali makobiri 240. Chogawira cha nambala ndi nambala iliyonse imene imalowa m'menemo popanda chotsala, ndipo 240 ili ndi zogawira 20, zoposa za nambala iliyonse yochepera pamenepo; imagawika pawiri, patatu, panayi, pasanu, pa 6, pa 8, pa 10, pa 12, pa 15 ndi pa 16, kungotchulapo zina. Shilingi nayo inkagawika pawiri kukhala masikisi awiri, panayi kukhala matiki anayi, ndipo anyamata atatu amene alima ganyu ya shilingi imodzi ankatenga makobiri anayi aliyense popanda wodandaula. Ana a sukulu ankavutika ndi samu za mapaundi, mashilingi ndi makobiri, chifukwa pophatikiza ankayenera kusenza pa 12 kenaka pa 20, koma kunja kwa kalasi dongosololi linali lokomera anthu osauka ogawana ndalama yaing'ono.

Sukulu zimenezi zinali za mishoni. A Dutch Reformed Church anali ku Livulezi ndipo kenaka ku Mlanda, a Zambezi Industrial Mission ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, a Baptist Industrial Mission ku Gowa, ndipo ansembe a Montfort anafika ku Nzama, m'dziko la mfumu Njobvuyalema, mu Julayi 1901, n'kutsegula mishoni imene inakhala chiyambi chokhazikika cha mpingo wa Katolika m'dziko muno. M'masukulu a m'midzi a mamishoni amenewa ana anaphunzira kulemba manambala khumi pa sileti, kuphatikizapo ziro, amene alibe dzina lakale m'Chichewa koma amene popanda iye nambala monga 659,608 singalembeke, popeza ndi amene akusunga malo a makumi pamene palibe khumi ngakhale limodzi. Mwina kwa anthu ambiri, nambala yoyamba ya zikwi mazanamazana imene anaimva m'chinenero chawo inali ya m'Baibulo. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, anakumana m'buku la Numeri ndi chiwerengero cha amuna a Israyeli okwana 603,550, ndipo anachitchula ndi mawu a zikwi, mazana ndi makumi, kusonyeza kuti Chichewa chingathe kunyamula nambala ya msinkhu umenewo ngakhale chiganizo chake chimatalika. Kutalika kumeneku ndi chifukwa chimodzi chimene chinachititsa kuti pa malonda ndi pa malipiro mawu a Chingelezi apambane, kufikira lero pamene mayi wogulitsa kabichi pa Tsangano amanena kuti faifi handiredi kapena thu sauzande osaganiza n'komwe kuti wasintha chinenero.

Kalembera wa nthawi ya atsamunda ayenera kuwerengedwa mochenjera. Mu 1901 ndi mu 1911 Afirika sanawerengedwe mmodzimmodzi ayi. Akuluakulu a boma anatenga chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho n'kuchichulukitsa ndi nambala yongoganizira ya anthu a pa nyumba imodzi, imene inali pakati pa awiri ndi atatu, ndipo chotsatira chake, monga 969,183 wa mu 1911, chinasindikizidwa mpaka pa nambala yomaliza ngati kuti munthu aliyense anaonedwa ndi maso. Akalembera a 1921, 1926, 1931 ndi 1945 anayesa kuchita bwinoko potumiza alembi m'midzi, koma alembiwo anali ochepa, ankadalira kwambiri mawu a nyakwawa, ndipo nyakwawayo inali ndi zifukwa zake zobisira amuna ena. Robert Kuczynski, katswiri wa za chiwerengero cha anthu amene anasanthula kalembera wa maiko olamulidwa ndi Britain m'zaka za m'ma 1940, anasonyeza kufooka kwa ziwerengero zotere. Kwa boma ngati Ntcheu panalinso vuto lapadera, loti amuna ambiri anali ku migodi ya ku Johannesburg ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, ena paokha, ndipo panalibe yankho losavuta pa funso lakuti mtchona amene wakhala zaka khumi osabwera awerengedwe ngati wa m'mudzi kapena ayi. Pa funso lotere pali njira ziwiri zimene zikugwirabe ntchito: kuwerenga munthu pamalo pamene wagona usiku wa kalembera, kapena kumuwerenga kumene amakhala nthawi zonse.

Kalembera woyamba wa dziko la Malawi lodziimira palokha anachitika mu 1966 ndipo anapeza anthu 4,039,583, chiwerengero chimene chinali pafupifupi kawiri cha 1945 n'kuulula kuti akalembera akale ankasiya anthu ambiri. Ziwerengero za Ntcheu za zaka zotsatira zili ndi nkhani yawoyawo. Mu 1977 bomali linali ndi anthu 226,454, mu 1987 linali ndi 358,767, koma mu 1998 linali ndi 370,757 okha, kutanthauza kuti m'zaka khumi zoyambazo anthu anawonjezeka ndi oposa 130,000 pamene m'zaka khumi ndi chimodzi zotsatira anawonjezeka ndi osakwana 12,000. Munthu wongoona manambalawo angaganize kuti amayi a ku Ntcheu anasiya kubereka, koma chifukwa chenicheni chinali nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene kuyambira cha mu 1986 inathamangitsa anthu a ku Angonia ndi ku Tsangano ya ku Mozambique, nkuwoloka msewu kudzamanga zisakasa pakati pa abale awo a chinenero chimodzi ndi ufumu umodzi. Dziko lonse linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi pachimake pa vutoli, ndipo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo. Mu 2008 chiwerengero chinafika pa 471,589, ndipo pofika 2018, pamene alembi anayenda ndi makina a m'manja m'malo mwa mapepala, panali patawonjezeka anthu ena 188,019.

Pa nthawi yomweyi ndalama nazo zinasintha masamu a anthu. Mu Febuluwale 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kwacha imodzi kukhala yofanana ndi mashilingi khumi ndi kugawidwa m'matambala 100, motero shilingi inasanduka matambala khumi ndipo sikisi matambala asanu, koma tiki ndi kobiri sizinapeze mnzake wokwana ndendende. Samu za kusukulu zinapepuka, koma 100 ali ndi zogawira 9 zokha ndipo sagawika patatu. Kutsika mphamvu kwa kwacha ndi kumene kunamaliza ntchito imene msonkho ndi sukulu zinayamba, chifukwa ndalama ya pepala ya K1,000 itatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016 ndi ya K5,000 mu 2022, mlimi wamba wa mbatatesi anayamba kuwerengera ndalama za feteleza, mbewu ndi thiransipoti m'zikwi mazanamazana ndi m'mamiliyoni, ndipo tambala inasowa m'matumba.

Tsono nambala 659,608 payokha, ikachotsedwa pa anthu amene ikuwaimira, ili ndi makhalidwe amene angathe kutsimikizidwa ndi aliyense wodziwa kugawa. Ndi nambala yogawika pawiri, popeza ikuthera ndi 8, ndipo imagawikanso pa 8, chifukwa manambala ake atatu omaliza, 608, ndi 76 kuchulukitsa ndi 8. Sigawika patatu, chifukwa manambala ake akaphatikizidwa amapereka 34, amene sagawika patatu, ndipo sigawika pasanu chifukwa sikuthera ndi 0 kapena 5. Ikagawidwa pa 8 imapereka 82,451, ndipo nambala imeneyi ndi 41 kuchulukitsa ndi 2,011. Pamenepa kugawa kumaima, chifukwa 2, 41 ndi 2,011 ndi nambala zosagawika, zimene aphunzitsi amazitchula kuti prime, ndiko kunena nambala zoposa 1 zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi. Pofuna kutsimikiza kuti 2,011 ndi yotere sipafunika kuyesa nambala zonse zochepera pamenepo, koma nambala zosagawika 14 zokha kuyambira 2 mpaka 43, popeza 45 kuchulukitsa ndi 45 wapitirira kale 2,011, ndipo nambala yogawika iliyonse imayenera kukhala ndi chogawira chimodzi chaching'ono motere. Kuchokera pa 2 wochulukitsidwa katatu, 41 ndi 2,011, pamatuluka zogawira 16, kuyambira 1, 2, 4, 8, 41, 82, 164 ndi 328 mpaka nambala yeniyeniyo, kotero kuti anthu onse a m'bomali akanatha kuikidwa m'magulu 328 a anthu 2,011 popanda wotsala, koma osati m'magulu atatu kapena khumi ofanana.

Kugawa nambala m'mitundu motere ndi luso lakale kwambiri, ndipo mbali ina linakulira pa nthaka ya Africa. Fupa la Ishango, limene linafukulidwa mu 1950 pafupi ndi nyanja ya Edward ku Congo ndipo likuganiziridwa kuti lili ndi zaka pafupifupi 20,000, lili ndi mzere wa zotema za 11, 13, 17 ndi 19, zimene zili nambala zosagawika zonse za pakati pa 10 ndi 20, ngakhale akatswiri sagwirizana ngati wotemayo ankadziwa zimenezi kapena zinangochitika. Ku Alexandria, cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, Euclid anatsimikiza kuti nambala zosagawika zilibe malire, ndipo patapita zaka pafupifupi 400 Nicomachus wa ku Gerasa anafotokoza mitundu itatu potengera zimene zimatuluka zogawira za nambala zikaphatikizidwa, kupatula nambalayo: yokwana ndendende, monga 6 amene ali 1 ndi 2 ndi 3, yosefukira, monga 240 amene zogawira zake zimafika 504, ndi yoperewera. Zogawira za 659,608 zimakwana 607,952, choncho ndi nambala yoperewera. Koma alembi a kalembera akanangopeza makanda ena awiri okha, chiwerengero chikanakhala 659,610, nambala yosefukira ya zogawira 64, yogawika pawiri, patatu, pasanu, pa 7, pa 9 ndi pa 10, ndipo palibe chimene chikanasintha pa sukulu, chipatala kapena mjigo uliwonse wa m'bomali.

Pamenepa ndi pamene makhalidwe a nambala yaikulu amasiyanirana ndi a nambala zazing'ono monga 12 kapena 240, zimene zimagawika mosavuta ndipo zinkakhudza aliyense wogwira ndalama. Zogawira za chiwerengero cha kalembera ndi zoona pa nambalayo, koma sizinena kanthu za anthu a ku Ntcheu, chifukwa m'boma limene ana makumi angapo amabadwa tsiku lililonse ndiponso limene munthu angathe kugona ku Malawi n'kukalima ku Mozambique, manambala atatu omalizawo anali atasintha kale alembi asanamalize ntchito yawo. Amene akukonza mapulani a bomali ayenera kudalira manambala oyambirira, ndiko kuti anthu pafupifupi 660,000 mu 2018, ndi liwiro la kuwonjezeka kwawo, limene linali pafupifupi anthu 19,000 pa chaka pakati pa akalembera awiri omaliza. Potsata dongosolo la zaka khumi, kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028.